Kupita ku Liwaladzi pagalimoto: msewu wa M5 uli ndi chinenero chake

Foni yanu ikakuuzani maola amene mutenge kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Liwaladzi, muwonjezerepo ola lina musananyamuke n'komwe. Google Maps imatha kuwerenga makilomita, koma siwerengera mbuzi yomwe yagona pakati pa phula, mlatho wokwana galimoto imodzi yokha, kapena thirakitala ya nzimbe imene ikukwawa patsogolo panu yopanda nyali yakumbuyo. Zonsezi n'za tsiku ndi tsiku pa M5, msewu wa m'mbali mwa nyanja umene umadutsa m'boma la Nkhotakota.

Masiku ano achinyamata ambiri akusonkherana ndalama, kubwereka galimoto ya achimwene kapena kuchita hayala, n'kupita kunyanja Loweruka ndi Lamlungu. Ambiri amathera ku Senga Bay kapena ku Mangochi. Amene amalimba mtima n'kupitirira chakumpoto amakapeza mchenga wopanda phokoso, nsomba zongovuulidwa kumene ndi mpunga wonunkhira. Vuto ndi lakuti ochuluka mwa iwo anaphunzirira galimoto m'tauni, momwe muli maloboti ndi mizere yoyera yooneka bwino. Kumudzi phula ndi limodzi lomwelo koma ntchito zake n'zambiri. Ana amapitirapo kusukulu, amayi amagulitsirapo tomato ndi usipa, maliro amadutsa pomwepo, chinangwa chimayanikidwa m'mphepete mwake. Woyendetsa galimoto pa M5 ndi mlendo amene walowa pabwalo la eni ake, ndipo mlendo wanzeru amayamba waphunzira mmene eni khomo amayankhulira.

Kutsetsereka kupita kunyanja

Kuchokera ku Lilongwe mumatenga M14, msewu wa ku Salima. Likulu lathu lili pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene nyanja ya Malawi ili pansi pa mamita 500. Kusiyana kumeneku mumakumva m'makutu ndi m'mabuleki mukamatsika mapiri a ku Dowa. Madalaivala odziwa ntchito amatsika ndi giya yotsika kuti injini izigwira galimoto. Wophunzira kumene amangopondereza buleki mpaka kumva fungo la chinthu chopserera, ndipo buleki ikatentha kwambiri imayamba kusagwira. Chizolowezi china choipa, chomwe chinakula chifukwa cha kudula ndi kusowa kwa mafuta, ndi kuchotsa giya kapena kuzimitsa injini pamtsetse. Mafuta opulumutsidwa mwanjira imeneyi sakwana n'komwe botolo, koma m'galimoto zambiri injini ikazima chiwongolero ndi buleki zimauma gwa.

Musanalowe m'tauni ya Salima pali mphambano ya Kaphatenga. Pamenepa mumakhotera kumanzere, n'kulowa M5 kulunjika kumpoto. Msewuwu ndi wautali: umachokera ku M1 cha ku Balaka, n'kudutsa Salima, Nkhotakota, Dwangwa ndi Nkhata Bay mpaka kukathera ku Mzuzu. Kuchokera ku Lilongwe kufika pa boma la Nkhotakota ndi makilomita pafupifupi 200, ndipo Liwaladzi ili kutsogolo, pakati pa boma ndi Dwangwa.

Kwa zaka zambiri chigawo chimenechi chakhala chodziwika ndi kuchepa kwa phula. M'mphepete munadyeka ndi mvula ndi matayala a malole, moti malo ena galimoto ziwiri zikakumana imodzi imayenera kutsitsa matayala m'dothi. Funso limene mumakumana nalo kambirimbiri ndi lakuti: atsike ndani? Lamulo losalembedwa la pamsewuwu limati wamng'ono ndiye amapatuka. Basi yaikulu kapena lole sizisuntha. Inu a kagalimoto kakang'ono chepetsani liwiro mukadali patali, sankhani malo pomwe phula silinasiyane kwambiri ndi dothi, n'kutsikira pamenepo mofatsa. Kutsika uli pa liwiro n'kukhotetsa chiwongolero mwadzidzidzi kuti ubwerere paphula ndi njira yachidule yogubuduzira galimoto.

Pa Chia ndi pa boma

Mukadutsa Khombedza ndi Benga, malo oyamba amene aliyense amafuna kuimapo ndi pa Chia. Apa thamanda lalikulu la Chia limalumikizana ndi nyanja kudzera pakamtsinje kamene msewu umawoloka pamlatho. Ogulitsa nsomba amathamangira galimoto iliyonse yomwe yaonetsa ngati iima, chambo ndi kampango zili m'manja, aliyense akufuula mtengo wake. Imikani galimoto yonse kunja kwa phula, patali ndi mlatho. Ndipo pochoka yang'anani kawiri, chifukwa wogulitsa amene akuthamangira kasitomala tsidya lina la msewu maso ake amakhala pa ndalama basi.

Pa boma pali zambiri zoti muone. Nkhotakota unali likulu la a Jumbe, amalonda a Chiswahili amene ankatumiza minyanga ya njovu ndi akapolo kutsidya la nyanja m'zaka za m'ma 1800. Pafupi ndi chipatala cha St Anne's pali mtengo wa mkuyu umene mbiri imati David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe ndi mafumu m'zaka za m'ma 1860. M'tauni momwemu mu 1960 chipani cha Malawi Congress chinachititsa msonkhano waukulu umene unapatsa Dr. Kamuzu Banda utsogoleri wamuyaya wa chipanicho. Palinso akasupe a madzi otentha a Mawira. Asilamu ndi ambiri m'derali, choncho Lachisanu masana m'mbali mwa msewu mumadzaza anthu opita ndi ochokera kumzikiti. Yendani pang'onopang'ono. Muthirenso mafuta pompano ngati alipo, chifukwa malo ena odalirika othirira mafuta mukawapeza ku Dwangwa.

Kuwoloka Bua

Kumpoto kwa boma msewu umayandikana ndi nkhalango ya Nkhotakota Wildlife Reserve, yomwe ndi yaikulu makilomita pafupifupi 1,800 m'bwalo lake lonse. Bungwe la African Parks linayamba kuiyendetsa mu 2015 mogwirizana ndi boma, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira kuno kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Mtsinje wa Bua umadutsa m'nkhalangoyi usanathire m'nyanja, ndipo ndi umodzi mwa mitsinje yochepa momwe nsomba ya mpasa imakwerabe kukaswana.

Milatho ing'onoing'ono ya pamsewuwu ndi imene yavutitsa alendo ambiri. Ina inamangidwa mokwana galimoto imodzi, ndipo wofika koyamba ndiye amawoloka. Koma "wofika koyamba" aliyense amamuwerengera mwake. Mukaona galimoto ya kutsidya ikuthwanimitsa nyali, ikukuuzani kuti yalowa kale ndipo siima. Musapikisane nayo. Kumbukiraninso kuti pamlatho woterowo woyenda pansi kapena wanjinga alibe kothawira, kumbali kuli chitsulo, kunsi kuli madzi.

Mukamayandikira Liwaladzi dziko limasintha. Minda ya chinangwa ndi madambo a mpunga zimayamba kusakanikirana ndi nzimbe. Fakitale ya shuga ya ku Dwangwa, yomwe pano ili m'manja mwa Illovo, inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo alimi ang'onoang'ono a madera ozungulira, kuphatikizapo Liwaladzi, amalima nzimbe n'kumagulitsa kumeneko. Kuchokera mu 1982 ku Dwangwa kumapangidwanso ethanol amene amasakanizidwa ndi petulo, ndiye n'kutheka kuti mafuta ena amene ali m'thanki mwanu anachokera m'minda yomwe mukuionayo. Nyengo yodula nzimbe, m'miyezi yopanda mvula, mathirakitala ndi malole olemedwa amatulukira mumsewu kuchokera m'tinjira ta m'minda. Amayenda pang'onopang'ono, amagwetsa nzimbe paphula, ndipo ana amathamangira kukatola. Mukaona nzimbe zamwazika pamsewu, dziwani kuti mwana ali pafupi ngakhale simukumuona.

Liwaladzi penipeni ndi malo a malonda ang'onoang'ono: magolosale, okazinga chipisi, akabaza atandanda pansi pa mtengo, amayi ali ndi mabeseni a mpunga. Nsima ya kuno ndi kondowole, ya ufa wa chinangwa, ndipo ndi usipa wofutsa kapena chambo chowotcha munthu umaiwala zoti uli paulendo. Perekani moni musanafunse njira yakunyanja. "Mwaswera bwanji amayi, tafuna mutithandize njira" imatsegula zambiri kuposa kungotsitsa galasi n'kufunsa muli chikhalire.

Zimene indiketa ndi nyali zimanena

Kusukulu yophunzitsa galimoto anakuuzani kuti indiketa ndi yosonyeza kumene mukukhotera. Pamsewu wautali madalaivala anaipatsa ntchito zina. Lole imene mukuitsatira ikayatsa indiketa ya kumanja, nthawi zambiri ikutanthauza kuti musayerekeze kuidutsa, kutsogolo kukubwera galimoto. Ikayatsa ya kumanzere ikukuuzani kuti njira ili bwino, dutsani. Usiku galimoto ziwiri zikamakumana, ambiri amayatsa indiketa ya kumanja kuti mnzawo aone pomwe galimoto yawo yathera, makamaka ngati nyali imodzi inafa. Wobwera kutsogolo akakuthwanimitsirani nyali masana, mwina akukuchenjezani kuti kutsogoloko kuli apolisi apamsewu, ngozi kapena ng'ombe. Mwina akungopereka moni kwa mnzake amene ali kumbuyo kwanu. Ndipo amene mwamupatsa mpata akadutsa n'kuyatsa mahazadi kawiri, akuti zikomo.

Chinenerochi n'chothandiza, koma sichili m'buku la malamulo, ndipo aliyense amachiyankhula mwake. Indiketa ya kumanzere ija ingatanthauzenso kuti dalaivala akuima kuti atsitse munthu, ndipo munthuyo atulukira kutsogolo kwa minibasi nthawi yomwe inu mukudutsa. Ya kumanja ingatanthauze kuti akukhoteradi kumanja, kulowa m'munda wa nzimbe. Choncho chizindikiro cha mnzanu chitengeni ngati uphungu chabe. Musadutse galimoto pokhapokha maso anu aona okha kuti msewu uli poyera.

Mayiko enanso ali ndi zizolowezi zawozawo. M'misewu ya kumidzi ku Greece, monga pachilumba cha Crete, woyenda pang'onopang'ono amasendera m'mphepete mwa phula kuti wakumbuyo adutse, ndipo mlendo amene sakudziwa zimenezi amaimbiridwa hutala mpaka kusokonezeka. M'mbali mwa misewu yawo mumapezekanso timatchalitchi tating'ono ngati kabokosi, muli kanyali ndi chithunzi cha woyera mtima. Tambiri timaikidwa pamalo pomwe panachitika ngozi, pokumbukira amene anamwalira kapena pothokoza kuti wina anapulumuka. Woyendetsa akaona tingapo pakona imodzi amadziwa yekha chochita. Kwathu kuno makona oopsa alibe chikumbutso chotere. Amawadziwa ndi anthu apamudzi ndi madalaivala a tsiku ndi tsiku, ndiye mukaima kugula madzi afunseni. Safunsa anadya phula.

Masamba pamsewu

Nthambi zamasamba zoyalidwa paphula zili ndi matanthauzo awiri, ndipo onse amafuna kuti muchotse phazi pa moto. Zikakhala zondondozana mbali imodzi ya msewu, kutsogolo kwafera galimoto. Lamulo limafuna mathirayango ofiira, koma madalaivala ambiri amangothyola nthambi, ndipo akakonza galimoto amaiwala kuzichotsa. Zikakhala zoyalidwa mopingasa pafupi ndi nyumba, pamudzipo pali maliro. Wanjinga amatsika n'kuyamba kukankha, wovala chipewa amavula. Inu zimitsani nyimbo, musaimbe hutala, dutsani mwakachetechete mpaka mutapitirira masamba achiwiri. Mukakumana ndi anthu onyamula maliro, imani pambali adutse. Kulibe chindapusa cha boma kwa wophwanya mwambowu, koma anthu apamudzi saiwala galimoto yomwe inadutsa pamaliro a mayi awo ikugunda nyimbo.

Sienta, minibasi ndi kabaza

Amene amalamulira M5 tsiku lililonse ndi ma Sienta, maminibasi ndi njinga zamoto za kabaza. Toyota Sienta inapangidwa kuti izinyamula anthu 7, koma si zachilendo kuiona itanyamula oposa 10, matumba a mpunga atasomekedwa kumbuyo, chitseko chomangidwa ndi linya. Imaima paliponse pomwe munthu wakweza dzanja, nthawi zina osayatsa indiketa. N'kosavuta kuwatukwana madalaivala amenewa, koma kumvetsa chimene chimawathamangitsa kumathandiza kulosera zomwe achite. Ambiri galimoto si yawo. Mwini wake amafuna ndalama yoikika madzulo aliwonse, mafuta amagula okha, ndipo chotsala ndicho malipiro awo. Munthu woima m'mbali mwa msewu kwa iwo ndi ndiwo za kunyumba, ndiye akamuona amaponda buleki osayang'ana kumbuyo. Siyani mpata waukulu pakati pa inu ndi Sienta, ndipo muziyembekezera kuti iima nthawi ina iliyonse.

Akabaza nawo amanyamula anthu awiri kapena atatu, kapena thumba la makala lopingasa lomwe m'lifupi mwake limaposa njinga. Ambiri alibe helemeti ndipo sanapiteko kusukulu yoyendetsa. Hutala yaifupi mukadali patali imawathandiza kudziwa kuti mukubwera. Hutala yaitali muli kale pamsana pawo imawadzidzimutsa, ndipo wodzidzimuka amatha kukhotera kumene inu mukudutsira.

Masamu a liwiro

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo ngozizi ndi zimene zikupha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Oposa theka la omwalirawo ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto, anthu omwewo amene adzaza m'mbali mwa M5.

Masamu ake ndi osavuta. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola, galimoto imayenda mamita 22 pa sekondi iliyonse. Mukayang'ana meseji ya pa WhatsApp kwa masekondi atatu okha, mwayenda mamita oposa 60 muli ngati wotsinzina, kuposa theka la bwalo la mpira. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wofunika kuti buleki iimitse galimoto umawirikiza kanayi. WHO imanenanso kuti mwayi woti woyenda pansi afe akagundidwa umakwera kuposa kanayi liwiro likachoka pa 50 kufika pa 65. Kusiyana kwa 15 kokha, komwe mkati mwa galimoto simukumva n'komwe, ndi kumene kumagamula ngati mwana wa sukulu ya pulayimale adzuke kapena ayi. Foni apatseni amene mwakhala naye kutsogolo. Ajambule mavidiyo a TikTok ndi iyeyo, inu manja onse pachiwongolero.

Mdima ndi mvula

Kunyanja dzuwa likangolowa, cha m'ma 6 koloko, mdima umagwa msanga. Imeneyi ndi nthawi imene anthu akuchokera kumsika ndi kudambo, njinga zopanda nyali zili mbali zonse, ng'ombe zikubwerera kukhola. Nyali za galimoto yobwera kutsogolo zikakuthobwani m'maso, munthu wovala zakuda amene ali m'mphepete simumuona mpaka mutamufika. Konzani ulendo wanu kuti mufike kumene mukugona dzuwa likadalipo. Pobwerera ku Lilongwe nyamukani m'mawa, chifukwa madzulo pokwera mapiri a M14 dzuwa limakhala pamaso penipeni.

Nthawi ya dzinja mitsinje yochokera kumapiri a kumadzulo imadzaza mofulumira ngakhale kunyanja kusanagwe dontho. Mu February 2024 madzi osefukira anasiya anthu zikwizikwi opanda pokhala m'dera la Dwangwa, ndipo kuyenda pamsewuwu kunasokonekera. Madzi akadutsa pamwamba pa msewu musayese mwayi poona kuti lole yawoloka. Lole ndi yaitali ndiponso yolemera, ndipo pansi pa madziwo phula likhoza kukhala litakokoloka kale.

Musananyamuke onani tayala la sipeya, jeke, sipanala, mathirayango ndi madzi a mu injini. Laisensi, inshuwalansi ndi COF zikhale zosatha ntchito, kuti pa rodibuloko muzingopereka moni n'kudutsa. Ngati mwalakwadi, lipirani chindapusa ndipo mulandire lisiti la boma. "Ya fanta" imene mumapereka lero ndi yomweyo imalola minibasi ya matayala osalala kudutsa mawa itanyamula achemwali anu. Tengani ndalama zina m'thumba, poti si ogulitsa onse amene amalandira Airtel Money kapena Mpamba, ndipo netiweki imatha kuthawa. Ngozi ikachitika, lamulo limafuna kuti muime ndi kudziwitsa apolisi. Polisi ili pa boma komanso ku Nkhunga cha ku Dwangwa, ndipo chipatala chachikulu cha boma chili ku Nkhotakota.

Wokwera nayenso ali ndi pakamwa

Ambiri mwa inu mupita ku Liwaladzi pa minibasi kapena Sienta, osati pa galimoto yanu. Muli ndi mphamvu kuposa mmene mumaganizira. Yang'anani matayala musanakwere. Ngati dalaivala akununkha mowa, tsikani, ina ibwera. Mangani lamba ngati alipo, chifukwa WHO imati lamba amachepetsa mwayi wa imfa kufika ndi theka. Pa kabaza funsani helemeti. Ndipo liwiro likanyanya, yankhulani mwaulemu koma momveka: "Adalaivala, chonde tachepetsaniko, muno muli ana." Nthawi zambiri ena onse amakhala akuganiza zomwezo, akungodikira woyamba kutsegula pakamwa. Chomvetsa chisoni n'chakuti okwera ena ndi amene amakolezera moto, kumati "aise ponda, tachedwa". Ameneyo muyankheni nonse kuti kuthamanga sikufika.

M'zaka zaposachedwa boma linayamba ntchito yokonzanso ndi kukulitsa msewuwu kuchokera pa Kaphatenga kudzera pa Benga kulowera ku Dwangwa, mbali ina ndi thandizo la African Development Bank. Pomwe pali ntchito yembekezerani fumbi, njira zapambali ndi anthu okupiza mbendera zofiira. Phula latsopano ndi nkhani yabwino kwa alimi a mpunga, asodzi ndi odwala opita kuchipatala. Koma maenje aja, ndi kuipa kwawo konse, ankakakamiza aliyense kuyenda pang'onopang'ono. Akatha, sukulu, misika ndi zitsime zidzakhalabe pomwe zili, m'mphepete mwa msewu, ndipo ana a ku Liwaladzi azidzawolokabe m'mawa uliwonse atanyamula makope. Chodzawateteza pamenepo ndi phazi la amene ali pachiwongolero.